Adzasewere Bambo Nkhongo Ndani?

Magetsi anazima a Chipeso ali pakati pa mutu wa a Telala. Makina ometera anangoti khoo ngati atsamwa, kenako zii. A Telala anadziyang'ana pagalasi, kumanja kuli mpala, kumanzere kudakali tchire, n'kupukusa mutu womwewo.

"Ndiye ndipite kwa akazi anga chonchi?"

"Pitani, mbali yotsalayo ikamaliza ndi mvula," anayankha Wayilesi.

Wayilesi ndi amene ankameta pampando wachiwiri. Dzinalo anthu sanamunamizire, pakamwa pake panalibe pozimitsira. Koma za mvulazo ananena zoona. Kunja kunali kutada bii masanasana, madontho oyamba akugogoda kale pamalata. Posakhalitsa inakhuthuka yeniyeni, moti ngakhale a Telala akanafuna kuthawa ndi theka la mutu wawo, kolowera kunalibe.

Pabenchi yodikirirapo panali munthu mmodzi yekha, mtsikana wamtali wa tsitsi lalifupi, zala zili bii ndi inki. Mumsewu monse ankamutchula Kapensulo. Ndiye ankajambula nthano ya zithunzi imene inkatuluka patsamba lomaliza la nyuzipepala kumapeto kwa sabata iliyonse. Ndipo kunena mosapsatira mawu, Kapensulo anali mwana wa a Chipeso, wobereka okha.

Koma musafulumire kumwetulira. A Chipeso anamusiya mwanayu asanamere ndi dzino lomwe, n'kutsatira mkazi wina kutali. Paja mapanga awiri avumbwitsa. Mkazi winayo naye anadzawasiya padzuwa, ndipo pamene ankati abwerere, manyazi anawamanga miyendo. Mwana anakulira m'manja mwa mayi ake ndi amalume ake. A Chipeso anangotsegula kababashopu aka mbali ina ya mzinda, n'kumakalamba pamodzi ndi zipeso zawo.

Ndiye chaka chatha, tsiku lina m'mawa, mtsikana wina analowa, anakhala pampando n'kunena kuti, "Mundichepetseko m'mbalimu." A Chipeso atangopinda khutu lake kuti adutsitse makina, anazindikira makutu a mkazi wawo woyamba. Makina anatsala pang'ono kuwapulumuka. Mtsikanayo anawayang'ana pagalasi n'kuti, "Eya, ndine. Pitirizani." Basi. Kuyambira pamenepo, tsitsi likangokula ankabwera. Sanawafunsepo kuti munachokeranji, sanawatukwanepo, sanalirepo. Ankawatchula kuti "a Chipeso" monga ankachitira wina aliyense, ngakhale wogulitsa mayunitsi pakona. Zimenezi zinkawapweteka madalawa kuposa mbama. Mwana akakutukwana umadziwa kuti pali mlandu, ndipo mlandu umakambidwa n'kutha. Nanga uyu wongoti zikomo n'kumapita, ungamuyambire pati?

Chimene a Chipeso ankafuna chinali chimodzi: kudziwa ngati ali ndi malo mumtima mwa mwana wawo, kaya abwino kaya oipa. Kufunsa ankaopa. Choncho ankafufuza m'nyuzipepala.

Nthano ya Kapensulo inali ya kamtsikana koyenda pa mawaya a magetsi, pamwamba pa madenga, kakubweza kwa eni ake zinthu zimene anthu oipa aba. Oipawo analipo ambiri, koma wamkulu wawo anali Bambo Nkhongo. Ameneyu nkhope yake sinaonekepo n'kamodzi komwe. Nthawi zonse ankajambulidwa ali pakhomo, akutuluka, jekete lili paphewa, owerenga akungomuona kunkhongo. Ndipo chipinda chilichonse chimene watulukamo chinkatha mitundu. Makatani ofiira, maluwa a patebulo, zovala za anthu, zonse zinkasanduka zotuwa ngati phulusa. Sankathyola nyumba, sankamenya munthu. Ntchito yake inali kuchoka basi.

Abale inu, munthu amene anasiya mwana ali khanda, akaona chithunzi chotere angaganize chiyani?

A Chipeso ankachiyang'ana ndi diso la ntchito yawo. Wometa amadziwa anthu chakumbuyo. Mukanaimika amuna onse a mumsewuwo pamzere atafulatira, iwo akanawatchula mmodzimmodzi osaphonya. Nkhongo imene sankaidziwa inali imodzi yokha, yawo yomwe. Zaka zonsezi ankagwirira anzawo kagalasi kumbuyo, koma iwo sanakhalepo n'chidwi chodziona. Ya m'nyuzipepalayo inali ndi makwinya awiri, ndipo mzere wa tsitsi unali wopendekera kumanzere, pakati pali kasitepe ngati pamene sizasi inaterereka.

Dzulo lake, atatsala pang'ono kutseka, anauza Wayilesi kuti awagwirire kagalasi kaja. Makwinya analipo, ngakhale lachiwirilo linali lochita kufunafuna. Koma mzere unali wowongoka bwinobwino, ntchito ya manja a Wayilesi yemweyo.

"Upendeketse," anatero a Chipeso. "Kumanzere. Pakatipo usiye kasitepe."

"Mwayamba liti kusuta, madala? Anthu akakufunsani kuti wakumetani ndani, mudzatchula ine?"

"Ndati upendeketse."

Wayilesi anayang'ana nyuzipepala imene inali pamiyendo pawo, anayang'ana nkhongo yawo, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire anatseka pakamwa. Anameta monga anauzidwira. M'mutu mwa a Chipeso nkhani inali yosavuta. Mwina kale mzere wanga unalidi wopendekera, mwana anauona pa chithunzi chakale, kapena mayi ake anamufotokozera. Ine ndikungobwezeretsa mmene zinalili. Mtima ukafuna chinthu, nzeru zimangoperekeza. Lero lonse anavala kapusi, kudikira nthawi yabwino yoivulira.

Tsopano mdima wa mvula unali utadzaza m'babashopu. Galasi lalikulu la pakhoma, limene linayang'anizana ndi khomo, linkaonetsa msewu wonse uli mbuu, anthu akuthamanga atafunda majumbo kumutu, magalimoto akuyenda atayatsa nyali. Munkanunkhira sipiliti, paudala ndi fumbi lonyowa. Tulo tinkachita kumunyengerera munthu.

"Achemwali," anayamba Wayilesi, atadzigwetsa pampando wake n'kusanjika miyendo. Anaponya diso kwa a Chipeso kenako n'kulibweza msanga. "Tiyerekeze kuti kwabwera munthu wolemera, wamimba yake, akuti nthano yanu ija ikhale filimu. Akuti osewera musankhe nokha, aliyense amene mukumufuna mumsewu uno, palibe wokana. Mungatenge ndani ndi ndani?"

Kapensulo anaseka, n'kutsamira khoma. "Za kamtsikanako musandifunse, sindinakapeze. Koma oipawo ndimakumana nawo tsiku lililonse."

"Yambani ndi Mayi Makiyi," anatero a Telala. Awatu ndi amene ankalumbira kuti sawerenga za ana, koma taonani mayina akuwadziwa.

Mayi Makiyi anali mkazi woba kuseka kwa anthu n'kumakutsekera m'masutikesi.

"Apongozi anga!" anakuwa Wayilesi. "Safunika n'kuphunzitsidwa komwe, angobwera mmene alilimo."

"Ayi," anatero Kapensulo. "Woipa wa nkhope yoipa saopsa, umamuonera patali n'kupatuka. Ine ndingatenge mayi a mufamase aja, ogulitsa mankhwala, amene amatchula aliyense kuti mwana wanga. Munawaonapo mmene amatsekera kabati? Amatembenuza kiyi pang'onopang'ono, akumwetulira, ngati akugoneka khanda."

A Chipeso anali pa kampando kawo ka pakona, akutsuka zipeso m'beseni. Anakweza maso n'kuyang'ana pagalasi, ndipo kaya ndi tulo kaya ndi mvula, anawaonadi mayi a mufamase akudutsa mumsewu. Sankanyowa. Anavala diresi lalitali lobiriwira, makiyi ali mbwee kuchokera m'chiuno mpaka m'maondo. Kumbuyo kwawo masutikesi ankawatsatira okha pamzere ngati anapiye, iliyonse ikugwedezeka ndi kuseka kwa munthu wina. Mu sutikesi yomalizira a Chipeso anamva kuseka kumene ankakudziwa bwino, kwa mkazi amene anamusiya kalekale. Ataphethira, mumsewu munangotsala mvula.

"Nanga Bwana Sikelo?" anafunsa a Telala.

Ameneyu ankayeza zithunzithunzi za anthu masana n'kumadulako pang'onopang'ono, mpaka munthu ankapezeka akuyenda padzuwa wopanda chomutsatira.

"Wabutchala," anatero Wayilesi. "Chala chake sichichoka pasikelo."

"Wabutchala aliyense angamuganizire. Pafunika munthu woti akamakupatsa moni amakhala akukuyeza kale. Mapewa, chiuno, mwendo." Kapensulo anatembenuka pang'onopang'ono mpaka maso ake anaima pa a Telala.

"Ine?" A Telala anagwira tepi imene inkasuzumira m'khosi mwawo pansi pa nsalu yometera. "Ine munthu wopemphera?"

"Inuyo. Ndipo mutuwo usamalizidwe, ukhale momwemo."

Wayilesi anaseka mpaka kutsokomola. A Telala anayesa kukwiya koma zinakanika. Anadziyang'ananso pagalasi, anatembenuza mbali ya mpala, anatembenuza ya tchire, kenako n'kukweza chibwano.

"Koma suti ndidzasoka ndekha," anatero. "Yakuda, mabatani asiliva, m'kati mofiira. Sindingavale zosoka munthu wina pamaso pa dziko lonse."

Anafika pa Amapasa Amiseche, awiri aja oti wina akayamba bodza mnzake ankalimaliza. Apa Kapensulo sanaganize n'komwe. Analoza Wayilesi.

"Ine ndi ndani?"

"Inu ndi inu nomwe, achimwene. Mukwanira onse awiri, ndipo mawu adzatsalako."

"Mwandilakwira, koma ndavomera," anatero Wayilesi akudzigunda pachifuwa. "Bola pachikwangwani dzina langa lilembedwe kawiri."

A Telala, amene tsopano ankalankhula ngati munthu wakale m'mafilimu, anati oipa okha sapanga nkhani. Jekete limakhala ndi nsalu yam'kati, anthu saiona, koma taichotsani muone mmene likhalire. Ndiye anayamba kugawa malo a anthu ang'onoang'ono, aja ongothandizira.

Woyamba anali Gogo Ambulera, nkhalamba imene inkabwereka kamtsikana kaja ambulera yoti kazidzichirikiza nayo pa mawaya. A Chipeso anasiya kutsuka. Nkhalamba yabwino mtima, yosalankhulalankhula, ya imvi zake. Sanaiganizirepo n'kale lonse, maso awo ankangokhala pa Bambo Nkhongo. Koma bwanji ngati malo awo anali amenewa? Mtima unagunda kamodzi mwamphamvu.

"Mlonda wa pasitolo ya nsapato," anatero Kapensulo. "Uja amagona ataimirira."

Mtima unabwerera pamalo pake, ndipo a Chipeso anapitiriza kutsuka chipeso chimene chinali chitayera kale.

Wokwera mapolo a magetsi, amene ankakaona kamtsikanako n'kumachita ngati sanakaone, anapatsidwa kwa mnyamata wokonza mafoni, chifukwa naye amaona zambiri m'mafoni a anthu koma sanena. Mayi wodyetsa amphaka padenga anapatsidwa kwa mayi wosesa kuchipatala, uja amaimba yekha m'makonde. Dalaivala wa basi yosaima paliponse anamulimbirana kwa kanthawi, Wayilesi akuti uyu, a Telala akuti uyo, mpaka Kapensulo anagamula kuti akhale mkulu wina wogulitsa mawotchi akufa amene nthawi zonse amaoneka ngati wachedwa. Ngakhale galu anapezeka, wa wowotcherera zitsulo, wa khutu limodzi lakugwa. Ngakhale munthu wina amene anangoonekapo kamodzi m'nthano monse, atasenza matiresi, naye anapeza mwini wake.

Aliyense akatchulidwa, a Chipeso ankamuona akulowa m'galasi. Msewu unasanduka wina. Mvula inkagwa mosafulumira, dontho lililonse likuwala. Mlonda wa nsapato anadutsa ali mtulo, atakumbatira mtolo wa maambulera a mitundumitundu. Amphaka anatsika m'madenga n'kukhala pamzere kumvetsera nyimbo ya mayi wosesa. Basi yopanda zitseko inadutsa mwakachetechete, m'kati muli mawotchi okhaokha. A Telala ena, ovala suti yakuda, ankayenda pakati pa anthu akupinda zithunzithunzi zawo ngati nsalu n'kumaziika m'khwapa. Wayilesi awiri ankanong'onezana pansi pa polo. Ndipo pamwamba pa onsewo, pa waya wopyapyala, kamtsikana kankayenda katatambasula manja, zala zake zili bii.

Zinali zokongola, koma a Chipeso ankamva mantha. Malo ankatha amodziamodzi ngati mipando ya m'basi, iwo adakali pasiteji. Kunatsala mpando umodzi wokha.

Anaimirira. Anapukuta manja pa thaulo. Anavula kapusi n'kuikoleka pa msomali, kenako anatembenukira ku shelefu ya mabotolo, kufulatira benchi, ngati akufuna sipiliti. Botolo la sipiliti linali pamphuno pawo penipeni, koma iwo anapitiriza kulifuna. Kamphepo ka pakhomo kankawaziziritsa pamene Wayilesi anapala dzulo.

Ali chiimire choncho, filimu ija inawatenga nawonso. Anadziona ali pakhomo la nyumba ina yaing'ono, jekete lili paphewa. Kumbuyo kwawo makatani ankatuwa, maluwa ankatuwa. Ndipo kuchokera pa waya, kamtsikana kanawakuwira ndi mawu onse, kakuwatchula zoipa zonse zimene zili padziko. Wakuba iwe! Wamantha iwe! Wopanda mtima! Ha, kukoma kwake! A Chipeso sanamvepo nyimbo yokoma ngati kutukwana kumeneko. Anali okonzeka kutembenuka n'kunena kuti inde mwanawe, ndine, onjeza.

"Mwasiya mwini filimu, achemwali," anatero Wayilesi, mawu ake atatsika. "Bambo Nkhongo."

Mvula inali itayamba kuchepa. Kapensulo ankayang'ana zala zake, akupala inki ya pachikhadabo.

"Ameneyo palibe angamusewere."

"Ngakhale mmodzi? Tayang'anani bwino. Mwina ali pafupi."

"Anamwalira," anatero Kapensulo, maso adakali pa zala. "Ndi amalume anga."

Wayilesi anatsitsa miyendo imene anasanjika ija, ndipo Kapensulo anapitiriza.

"Ndiwo ankandipititsa kusukulu panjinga. Ine pakaliyala, iwo kutsogolo. M'mawa uliwonse chimene ndinkaona si msewu ayi, ndi nkhongo yawo. Ndinkaona makwinya akutseguka n'kutsekeka akamapalasa pachitunda, thukuta likutsikira m'kolala. Ankawameta ndi amayi, ndi sizasi yodulira nsalu, n'chifukwa chake mzere unkapendekera. Kasitepe kaja ndinachititsa ndine. Tsiku lina ndinawagunda mkono amayi akumeta. Amalume atadziona anaseka, akuti kazikhala choncho mpaka kalekale, n'chidindo cha mwana wanga."

"Nanga munthu wabwino chotero mwamusandutsiranji woipa?" anafunsa a Telala.

"Chifukwa anachoka. Anadwala masiku ochepa chabe, ine ndili kusukulu yogonera komweko, osanditsanzika. Nditafika kunyumba ndinapeza makatani omwewo, mipando yomweyo, koma zonse zotuwa. Ndinawakwiyira kwambiri. Mpaka lero sindinawakhululukire." Anapalanso inki ya pachikhadabo. "Ndimawajambula sabata iliyonse kuti mwina tsiku lina adzatembenuka."

Filimu ya a Chipeso inazima ngati makina aja. Anapezeka ataima kutsogolo kwa shelefu, botolo la sipiliti lili m'manja, osadziwa kuti alitenga nthawi yanji. Amalume akunenedwawo anali mlamu wawo, munthu wachete wa njinga yakuda. Kalelo, asanachoke, anamumetapo kangapo ndi manja awo omwewa. Iwo amene ankadzitama kuti amadziwa nkhongo ya aliyense, ya mlamu wawo anaiyang'ana chaka chathunthu osaizindikira, chifukwa ankafuna ikhale yawo. Anamva manyazi, anamva chisoni, ndipo choipa kwambiri, anamva nsanje. Nsanje pa munthu wakufa, abale!

Anatambasula dzanja kuti atenge kapusi, koma anachedwa. Kapensulo anali atakweza maso.

"A Chipeso, wakumetani chonchi ndani?"

Wayilesi mwadzidzidzi anapeza chochita ndi zingwe za nsapato zake. Kapensulo anaimirira, anayandikira, n'kuyang'anitsitsa. Anaona mzere wopendekera kumanzere. Anaona kasitepe, kakadali katsopano, khungu lake loyererako. Anagwira pakamwa.

"Wayilesi," anatero a Telala akudzuka, nsalu yometera idakali m'khosi, "tiye tikaone ngati polo yagwa penapake."

Munthu amene ankaopa kuonekera kunja ndi theka la mutu anatuluka yekha kupita pakhonde, akukoka Wayilesi padzanja. M'kati munatsala awiri.

"Munkaganiza kuti ndi inu," anatero Kapensulo.

A Chipeso anatembenuka, koma maso anawasiya pansi, pa tsitsi la a Telala limene linali lisanasesedwe.

"Munthu wochoka, mayi. Ndinati angakhalenso ndani?"

"Ndiye munafuna kuti mukhale inu? Woipa?"

"Woipa amakhalamo m'nthano. Sabata iliyonse amakhalamo. Mumakhala naye pansi, mumamusongolera pensulo, mumamuganizira." Anakweza maso n'kumuyang'ana. "Ndinati ngati mwana wanga amandida chonchi, ndiye kuti ndilipo."

Kapensulo anayang'ana kukhomo. Kunja madzi ankatsika m'ngalande, ndipo pakhonde Wayilesi ankayesetsa kunong'ona, ntchito imene sankaidziwa.

"Sindingakunamizeni," anatero Kapensulo. "Pamene munkachoka sindinakuoneni. Palibe chimene chinatuwa, chifukwa ndinali ndisanadziwe mitundu. Ndayesapo kukukwiyirani, ndayesa ndithu, koma zimakanika. Munthu sungakwiyire munthu amene sukumudziwa."

Mawuwo analowa ngati sipiliti pabala. Paja amati mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndipo a Chipeso anali atatsala pang'ono kufera komweko, choncho anapempha, ngakhale mawu ankatuluka ngati a mwana.

"Ndiye ngakhale kamalo kakang'ono. Wometa wa pakona, wongooneka kamodzi, kumbuyo kwa anthu ena. Ngati uja wa matiresi. Sindikufuna kulankhulamo."

Kapensulo anapukusa mutu. M'maso mwake munali mutalengeza misozi.

"M'nthano mwanga mulibe wometa. Anthu a papepala tsitsi lawo silikula. Mmene ndinawajambulira tsiku loyamba ndi mmene alili mpaka lero."

"Ndamva," anatero a Chipeso.

Anatenga kapusi pa msomali n'kuivala, kuikokera pansi mpaka kunkhongo. Anatenga tsache kuti ayambe kusesa, poti manja ankafuna chogwira. Anali atafunsa, ndipo anali atayankhidwa. M'filimu ya msewu wonse, mmene ngakhale galu wa khutu lakugwa anapeza malo, iwo munalibe.

Atasesa pang'ono anamva nsalu ikukutumulidwa. Anacheuka. Kapensulo anali atatenga nsalu ina yometera pa chingwe, wakhala pampando wawo, akudzimangirira yekha m'khosi. Anawayang'ana kudzera pagalasi.

"Koma langali limakula," anatero.

A Chipeso anayandikira, tsache lidakali m'manja.

"Kumene ndimakhala kuli mababashopu mbwee, ena pakhomo penipeni. Ndimawadutsa onse n'kukwera basi kubwera kuno. Mumayesa ndimadzera chiyani, kametedwe? Wayilesi amameta bwino kuposa inu." Anaseka, msozi n'kugwera pansalu. "Sindikukudziwani, n'zoona. Ndiye ndingakudziweni bwanji ndikapanda kubwera?"

"Magetsi kulibe," anatero a Chipeso, chifukwa china choti anene analibe.

"Sizasi muli nayo. Ndipo musafulumire."

A Chipeso anatsamiritsa tsache kukhoma. Anatenga sizasi ndi chipeso chimodzi mwa zija anatsuka, n'kuima kumbuyo kwa mwana wawo. M'maso munali chifunga, moti anayamba apukuta kaye nkhope ndi mkono kuti aone pometa. Kenako anapesa, n'kuyamba kudula pang'onopang'ono, kansonga kokhakokha, kuti ntchito isathe msanga.